Ulendo Wathu wa ku Akasupe Owira a ku Kenya

Nyanja yathu ya Malawi ili m'chigwa chimene sichinakumbidwe ndi madzi monga zigwa zina. Akatswiri a za miyala amatiuza kuti nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita owerengeka chabe pa chaka, ndipo pamene pang'ambikapo nthaka imatitimira. Ndicho chifukwa chake nyanjayi ili yakuya mamita pafupifupi 700 cha kumpoto kwake, kotero kuti pansi pake mpotsika kuposa pamwamba pa nyanja ya mchere. Ndicho chifukwanso abale athu a ku Karonga anagona panja mu December 2009, pamene zivomezi zinagwetsa nyumba zawo. Mng'alu umenewu sulekezera kwathu kuno ai. Cha ku Mbeya uli ndi nthambi ziwiri: ina imalowera ku nyanja ya Tanganyika, ina imadutsa pakati pa Tanzania, Kenya ndi Ethiopia kufikira ku Nyanja Yofiira. Kwathu kuno moto wa pansi pa nthaka uli kutali, koma ku Kenya uli pafupi ndithu, moti nthaka imatulutsa nthunzi monga mphika wa pamafuwa.

Tinapita kukaona zimenezi m'mwezi wa August 2023, sukulu zitatsekera. Mlamu wathu amene amagwira ntchito ku Nairobi anali atatiitana kawiri konse, ndipo ana athu atatu, amene amaphunzira za chigwa chachikuluchi m'mabuku a kusukulu, sanatipatse mpata wokana kachitatu. Tinasankha kupita pa galimoto, ngakhale kuti kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Nairobi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, pakuti munthu wa m'ndege amangofika, koma dziko saliona.

Poyamba tinaima ku Chiweta, patsinde pa chitunda chija chimene madalaivala amatsika mtima uli m'mwamba. Pamenepo pali kasupe wa madzi otentha, otentha moti dzanja silingapirire, ndipo anthu ambiri opita ku Karonga amangodutsa osadziwa. Tinawoloka malire pa Songwe, ndi kukwera ku Tukuyu, dziko la tiyi ndi nthochi, kumene chonde chake chinachokera ku phulusa la phiri la Rungwe limene linkaphulika kale. Za Tanzania sitinena zambiri. Tinagona ku Mbeya, ku Dodoma ndi ku Arusha. Tinadya nsima yawo yolimba imene amaitcha ugali. Ndipo tinaphunzira kudekha, popeza m'midzi yonse ya m'mbali mwa msewu galimoto siloledwa kupitirira makilomita 50 pa ola, tsono midziyo njosawerengeka. Tinalowa m'Kenya pa Namanga.

Tsiku la Sabata mlamu wathu anatitengera ku Thogoto, m'dera la Kikuyu, kunja pang'ono kwa Nairobi, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha miyala chotchedwa Church of the Torch, chomangidwa pakati pa 1928 ndi 1933. Tinalowa monga alendo, koma tinapeza kuti tili pa chibale. Gulu la amishoni a ku Scotland limene linayamba ntchito ku Kibwezi mu 1891 linatsogozedwa ndi Dr. James Stewart wa ku Lovedale, yemwe uja anayambitsa maganizo a mishoni ya Livingstonia. Mu 1898 mishoniyo inasamukira ku Kikuyu. Ndipo mu 1901 anafikako Mbusa David Clement Scott, amene anamanga tchalitchi cha St. Michael and All Angels ku Blantyre, nalembanso dikishonale ya Chimang'anja ya 1892. Anamwalira komweko ku Kikuyu mu 1907. Mpingo wa Presbyterian wa kum'mawa kwa Africa ndi mpingo wathu tinayamwa bere limodzi, ndipo ngakhale chinenero sitinachimve, dongosolo la mapemphero, kakhalidwe ka akulu a mpingo kutsogolo, ngakhale kutalika kwa zolengeza, zonse zinali monga kwathu.

M'mawa mwake tinanyamuka kulowera ku Naivasha pa msewu wakale. Munthu amayenda m'dziko lozizira la minda ndi mitengo, osayembekezera kanthu, ndipo mwadzidzidzi nthaka imatha. Pansi patali pali chigwa chotakata, chouma, chotuwa, ndipo pakati pake paima phiri la Longonot, la mamita 2,776, lokhala ndi dzenje lalikulu pamwamba pake monga mtondo. Ana amene anali kukangana za malo m'galimoto anakhala chete. Potsika chitundacho pali katchalitchi kakang'ono zedi kamene kanamangidwa mu 1942 ndi akaidi a nkhondo a ku Italy, amene ankalambula msewu umenewu. Anthu khumi ndi awiri akhoza kudzaza. Tauni ya patsinde pake dzina lake ndi Mai Mahiu, ndiko kunena kuti madzi otentha m'chinenero cha Akikuyu.

Kum'mwera kwa nyanja ya Naivasha kuli nkhalango yosungirako nyama yotchedwa Hell's Gate, kutanthauza Chipata cha Gehena. Agogo a anawa, atamva dzinali pa telefoni, anafunsa ngati m'dziko lonse la Kenya munasowa malo ena opitako ndi zidzukulu zawo. Dzinalo linaperekedwa ndi azungu oyendera maiko, osati eni dziko, Amasai. Mu 1883 anadutsa m'derali Gustav Fischer wa ku Germany ndi Joseph Thomson wa ku Scotland. Thomson ameneyu anali ataona kale nyanja yathu, pakuti mu 1879, ali mnyamata wa zaka 21, anafika kumpoto kwake pa ulendo wake wa ku Tanganyika. Kagwape kakang'ono ka mzere wakuda m'nthiti, kamene kamadumphadumpha m'nkhalangoyi, kamatchedwa ndi dzina lake. Ndipo chimwala chachitali cha mamita pafupifupi 25 chimene chaima chokha pafupi ndi chipata chimatchedwa ndi dzina la Fischer. Chimwalacho ndi chiphalaphala chimene chinaumira pakhosi pa phiri lophulika. Phirilo linaperepeseka ndi mvula ndi mphepo, nkutsala chokhacho.

Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1984, ndipo njosiyana ndi zina chifukwa anthu amaloledwa kuyendamo pansi kapena pa njinga. Ana athu awiri aakulu anabwereka njinga, ife tikutsatira pambuyo pa galimoto. Mbidzi zinkangowayang'ana, njiri zikuthawa michira ili njo, ndipo nyamalikiti imodzi inawoloka msewu mosafulumira ngati mfumu yopita ku bwalo. Kumbali kuli matanthwe ofiira aatali kumene miimba imaswerana. Pansi pali timiyala takuda tonyezimira ngati galasi losweka, takuthwa kwambiri, timene anthu akale ankasema mipeni ndi mivi. Mzime wathu anafuna kudzaza thumba, koma mlonda wa nyama amene tinali naye anamuuza mwaulemu kuti mwana aliyense wofika kuno atatenga thumba limodzi, adzukulu ake adzapeza fumbi lokhalokha.

Tikupitirira, tinayamba kumva fungo ngati la dzira lowola, ndilo fungo la sulufule. Kenaka tinaona mipope ikuluikulu ikukwawa m'mapiri monga nsato, ina yokwezedwa m'mwamba pena ndi pena kuti nyamalikiti zizidutsa pansi pake, ndi nthunzi yoyera ikukwera kumwamba ndi mkokomo umene umamveka m'chifuwa. Amenewa ndiwo malo a Olkaria, kumene kampani ya KenGen imapanga magetsi ndi kutentha kwa pansi pa nthaka. Makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1981, akutulutsa mamegawati 15, ndipo anali oyamba a mtundu umenewu mu Africa monse.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva. Mvula ikagwa m'mapiri, madzi ena amalowa pansi kudzera m'ming'alu ya miyala, natsika makilomita angapo kufikira pa miyala imene yatenthedwa ndi chiphalaphala cha pansi. Madzi a m'ketulo amawira pa madigiri 100, koma madzi opanikizika pansi pa miyala yolemera sangathe kuwira, kotero amangotentherabe kufika madigiri 300 ali madzi ndithu. Tsono amisiri amaboola zitsime zakuya, zina mamita 3,000. Madziwo akapeza njira amathamangira kumwamba, ndipo popeza chowapanikiza chachoka, ambiri amasanduka nthunzi. Nthunziyo amailekanitsa ndi madzi, naitumiza m'mipope kukazunguza makina opanga magetsi, ndipo madzi otsalawo amawabwezera pansi kudzera m'zitsime zina kuti akatenthedwenso. Safuna nkhuni, malasha kapena dizilo. Chilala chikagwa makinawo salekeza. Lero magetsi oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi opangidwa m'Kenya amachokera ku nthunzi yotere.

Ife Amalawi sitikanatha kuona zimenezi osakumbukira kwathu. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo tonse tikukumbukira miyezi ya mdima imene inatsatira, ana akuwerenga pa kandulo, zigayo zitaima. Mnyamata wathu wamkulu anafunsa, "Bambo, nanga ku Chiweta kuja bwanji osachita chimodzimodzi?" Funsolo nlabwino, ndipo akatswiri akhala akuyesa akasupe a kumeneko. Koma tiyenera kunena zoona: pansi pa Olkaria pali mapiri ophulika amene sanazime kwenikweni, pamene akasupe athu amatenthedwa chifukwa chakuti madzi amatsika patali basi. Kutentha kwathu nkocheperapo, ndipo kuboola chitsime chimodzi chofufuzira kumadya ndalama zochuluka munthu asanaone ngakhale babu limodzi likuyaka. Komabe ife tiganiza kuti dziko limene laika mazira ake onse mu mtsinje umodzi liyenera kufufuza kasupe aliyense amene lili naye, ndipo achinyamata athu okonda masamu ndi sayansi adziwe kuti ntchito yotere ikuwadikira.

Pafupi pomwepo pali dziwe losambiramo limene limalandira madzi ofunda a m'zitsimezo, otuwa mobiriwira ngati muli mkaka. Ana anasamba kufikira zala zitachita makwinya. Amayi awo, amene amadandaula za maondo, anangoviika miyendo, nanena kuti akadakhala pafupi bwenzi akubwera mlungu ndi mlungu.

Koma pali malo amodzi m'nkhalangoyi amene sitinalowemo, ndipo tifuna makolo ndi atsogoleri a achinyamata amve bwino chifukwa chake. Ndi phompho la Ol Njorowa, ngalande yakuya ndi yopapatiza imene madzi anasema m'miyala yofewa, mokongola zedi, ndipo m'makoma ake mumatuluka timadzi totentha. Mu April 2012 gulu la achinyamata a mpingo wina wa Presbyterian wa ku Nairobi linapita kumeneko kukasangalala, monga momwe magulu athu amapitira ku Senga Bay kapena ku phiri la Mulanje. Ali m'kati, madzi osefukira anatsika m'phomphomo, ndipo asanu ndi awiri a iwo anafa. Pa 1 September 2019 zinachitikanso: anthu ena asanu ndi awiri anakokoloka, kuphatikizapo wowaperekeza, ndipo oyang'anira nkhalango anatseka malowo kwa nthawi yaitali.

Choopsa cha malo otere nchakuti mvula siyenera kugwa pamene pali iwe. Imagwa kumapiri, kutali, pamene pamutu pako pali dzuwa. Madziwo amasonkhana, nalowa m'ngalande ya makoma osakwereka, ndipo munthu amamva mkokomo nthawi itatha kale. Tinali titapangana tili kunyumba kuti phompholo tidzaliona tili pamwamba. Mnyamata wathu anadandaula, nati, "Amayi, kumwambaku kulibe ndi kamtambo komwe." Amayi ake anamuyankha kuti anzake aja a 2012 nawonso sanalowemo akuona imfa. Tinaima pamwambapo nthawi ndithu, tikuyang'ana pansi, ndipo tinapempherera makolo a ana amenewo, amene sitikuwadziwa maina koma ndi a banja lathu la mpingo. Inu amene mumatenga ana a eni pa maulendo a gulu, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Funsani eni dera za madzi musanalowetse ana mumtsinje, m'phanga kapena m'phompho. Werengani ana ponyamuka ndi pobwerera. Ndipo musachite manyazi kubweza gulu lonse ngakhale ndalama ya basi italipidwa kale.

Kuchokera ku Naivasha tinapita ku Nakuru, ndi kupitirira kumpoto. Pa Mogotio msewu umadutsa mzere wa equator, umene umagawa dziko lapansi pakati, ndipo ana anajambulitsa mwendo wina kumpoto wina kum'mwera. Kuyambira pamenepo dziko limatsika, limatentha, limasanduka la minga, mbuzi ndi zulu zazitali kuposa munthu. Masana tinafika pa nyanja ya Bogoria.

Nyanjayi njopapatiza, yotalika makilomita oposa 30, ndipo kum'mawa kwake kwaima chikhoma cha phiri chimene chimasonyeza bwino lomwe pamene nthaka inadukira. Ilibe mtsinje wotulukamo. Madzi amalowa, dzuwa limawauma, ndipo mchere ndi soda zimatsalira. Amayi a anawa atagwira madziwo ndi kuwatikita pa zala anati, "Ichi nchidulo chenicheni," ndipo sanalakwe: amaterera chimodzimodzi ndi chidulo chophikira therere. Nsomba sizikhalamo. Chimene chimakondwera m'madzi otere ndi ndere zobiriwira zazing'ono kwambiri, ndipo ndere zimenezo ndizo chakudya cha mbalame zotchedwa flamingo, za miyendo yaitali ndi khosi lopindika, zimene zimadya mutu uli chozondoka, zikusefa madzi ndi milomo yawo. Kufiirira kwa nthenga zawo kumachokera ku chakudyacho. Tili patali tinayesa kuti gombe lamera maluwa. Titayandikira, gombelo linayamba kuyenda. Mu 2011 bungwe la UNESCO linaika nyanjayi, pamodzi ndi Nakuru ndi Elementaita, m'gulu la malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

M'nthawi ya atsamunda inkatchedwa nyanja ya Hannington, pokumbukira Bishopu James Hannington wa mpingo wa Anglican, amene anadutsa m'chigwachi mu 1885 akupita ku Uganda, ndipo anaphedwa mu October chaka chomwecho molamulidwa ndi mfumu Mwanga ya Buganda.

Chimene chinatchukitsa Bogoria ndi akasupe ake owira, pafupifupi 200, makamaka a pa Loburu, ndipo ena mwa iwo ankaponya madzi m'mwamba mamita angapo. Kasupe woponya madzi amachita motero chifukwa njira yake njopapatiza: madzi a pansi amatenthedwa kupitirira muyeso pamene a pamwamba akuwatsekereza, kufikira ena atasanduka nthunzi mwadzidzidzi ndi kukankha onse a pamwamba. Zithunzi za m'mabuku a ana athu zinali za akasupe amenewa. Koma zimene tinapeza nzosiyana. Kuyambira cha m'ma 2010 nyanja za m'chigwachi zakhala zikukwera, ndipo mu 2020 zinakwera koposa. Bogoria inameza msewu wakale wa m'mphepete mwake, inameza mitengo imene tsopano yaima youma m'madzi, inamezanso akasupe ambiri otchukawo. Chaka chimenecho anthu anaopa kuti Bogoria ikumana ndi nyanja ya Baringo, ya madzi abwino, ndi kupha nsomba zake. Ndipo m'dera lonselo minda, masukulu ndi zipatala zinalowa m'madzi. Ife tinazimvetsa bwino mu 2024, pamene nyanja yathu inalowa m'nyumba za ku Mangochi ndi ku Salima.

Komabe moto wa pansi sunazime. Tinaona pamwamba pa nyanja pakubwadamuka, nthunzi ikutuluka pakati pa madzi, mbalame zikulambalala malowo. Pa mtunda panatsala akasupe ena aang'ono, akufwanthamuka m'miyala yoyera ndi soda. Mwamuna wina wa m'deralo amene anatiperekeza anatichenjeza kuti tiziponda pamene iye waponda, pakuti nthaka ina ndi chikhungwa chabe, pansi pake pali matope owira. Mzime wathu tinamugwira dzanja nthawi yonse. Tinaika mazira asanu m'kathumba komangirira ku ndodo, ndi kuviika m'kasupe. Patapita mphindi khumi anali atapsa. Tinadyera pamthunzi ndi mchere umene amayi ananyamula kuchokera ku Lilongwe, titawerenga Salmo 104, limene limanena za akasupe a m'zigwa ndi za mapiri ofuka utsi.

Mwamunayo anali wa mtundu wa Aendorois, ndipo tikudya anatifotokozera mbiri imene zikwangwani za alendo sizinena. Makolo ake ankaweta ng'ombe m'mbali mwa nyanjayi, kunyambititsa ziweto mchere wake, ndi kuchitira miyambo yawo pomwepo. Malowa atasandutsidwa nkhalango ya boma mu 1973, anthuwo anachotsedwa. Anadandaula m'makhoti a kwawo osaphula kanthu, kufikira anatengera mlanduwo ku bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, limene likulu lake lili ku Banjul. Chigamulo chinalengezedwa mu 2010, chonena kuti anachotsedwa mosayenera, ndi kuti ayenera kubwezeredwa malo awo, kupepesedwa, ndi kulandirako phindu la nkhalangoyo. Zambiri mwa izo zinachedwa kuchitika. Anazinena mosakwiya, akusenda dzira lake. Mwana wathu wamkazi anamufunsa ngati iye amakondwa kuona alendo monga ife. Anayankha kuti alendo ndiwo amamulipirira ana sukulu, koma agogo ake anamwalira akulozabe tsidya lija kumene kunali khola lawo. Tinali titalipira pa chipata m'mawa muja osaganizako kuti tikulowa pa bwinja la munthu.

Dzuwa litapendeka mbalame zinayamba kuuluka m'magulumagulu kulowera kum'mwera, ndipo chikhoma chija chinasanduka chofiira. Tinamutsitsa mwamunayo pafupi ndi mudzi wake, ndi kukagona ku Marigat. M'mbali mwa msewu amayi a kumeneko amagulitsa uchi wa m'mitengo ya minga m'mabotolo akale. Tinagula atatu, limodzi la agogo, ndipo m'mamawa kusanatenthe tinatembenuza galimoto kuloza ku Nakuru.